Udokotala wa Anthu Okalamba ndi Mabungwe Ake

Anzanga ambiri amene akhoza bwino Biology ndi Chemistry akafunsidwa za ntchito imene afuna kudzagwira, yankho lawo ndi limodzi: udokotala. Mukawafunsanso kuti udokotala wake uti, wina ati wa opaleshoni, wina wa ana, wina wa amayi oyembekezera, wina wa maso. Sindinamvepo ndi mmodzi yemwe ali kutchula udokotala wa anthu okalamba, ndipo sindiwadzudzula, pakuti ambiri a ife sitinauzidwe kuti kuli nthambi yotere. Tsono akonzi a magazini ino atandipatsa malo, ndinaganiza kuti ndifotokoze za nthambi imeneyi, za mabungwe amene anaiimika, ndiponso za khomo limene mabungwewo atsegulira munthu amene ali kuphunzira udokotala.

Dzina lake pa Chingerezi ndi geriatrics. Amene analipeka ndi dokotala wina wa ku New York, Ignatz Leo Nascher, m'chaka cha 1909, polumikiza mawu awiri a Chigiriki, ena otanthauza ukalamba ndi ena otanthauza kuchiza. Maganizo ake anali akuti monga ana ali ndi madokotala awoawo chifukwa thupi la mwana silifanana ndi la munthu wamkulu, momwemonso okalamba ayenera kukhala ndi awo. Mu 1914 anasindikiza buku lalikulu la matenda a ukalamba, koma anzake a nthawi imeneyo sanalabadire kwenikweni. Pali mawu enanso oyandikana nawo, gerontology, amene anayamba ndi Élie Metchnikoff ku Paris mu 1903. Awa ndi maphunziro a ukalamba weniweniwo, m'thupi, m'maganizo ndi m'mudzi, ndipo ambiri amene amawachita si madokotala. Wa gerontology afunsa chifukwa chake munthu amakalamba. Wa geriatrics ali ndi wodwala pamaso pake amene afuna thandizo lero.

Wina angafunse kuti, kodi chibayo si chibayo, chingakhale chagwira mnyamata kapena agogo ake? Kachirombo ndi komweko, inde, koma thupi limene kalowamo ndi lina. Mnyamata akadwala chibayo amatentha thupi, amatsokomola, namva kubaya m'nthiti, kotero kuti ngakhale wophunzira wa chaka chachitatu sangasochere. Agogo a zaka 80 angakhale ndi chibayo chomwecho thupi losatentha, osatsokomola konse. Chimene abale aona n'chakuti aleka kudya, agwa pakhomo, kapena ayamba kulankhula zosamveka. Mtima ungadwale kwakukulu popanda ululu wa m'chifuwa. Ndiponso munthu wokalamba sabwera ndi nthenda imodzi. Amafika ali ndi shuga, kuthamanga kwa magazi, nyamakazi m'maondo, ng'ala m'maso ndi makutu ogontha pang'ono, zonse pamodzi, ndipo mankhwala a nthenda ina angautse inzake. Impso zake sizisefanso magazi msanga monga kale, chotero mankhwala amene mnyamata awataya ndi mkodzo tsiku lomwelo, mwa agogo amatsalira, naunjikana, mpaka kuwachititsa chizungulire. Akagwa ndi chizungulirecho, dokotala wosachenjera amawonjeza mapiritsi ena a chizungulire m'malo mochotsa oyamba aja. Nthawi zambiri luso la dokotala wa okalamba lili pa kuchepetsa mapiritsi, osati kuwachulukitsa.

Pulofesa Bernard Isaacs, amene anaphunzitsa ku Birmingham, anasonkhanitsa mavuto aakulu a ukalamba nawatcha zimphona, ndipo anawerenga zinayi: kusayenda, kumangogwa, kulephera kusunga mkodzo kapena chimbudzi, ndi kusokonezeka kwa nzeru. Palibe ndi chimodzi chomwe mwa zinayizi chimene chili dzina la nthenda. Chilichonse ndi chizindikiro chabe, ndipo kumbuyo kwake kwabisala chifukwa chimene kawirikawiri chingathe kupezeka ndi kuchizika. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Mawu aja akuti “ndi ukalamba basi” atsekera m'nyumba anthu ambiri amene akanayenda.

Munthu amene anaonetsa dziko kuti mawu amenewa amanyenga anali mayi wa ku Mangalande, Dr. Marjory Warren. Anabadwa mu 1897, natsiriza maphunziro a udokotala mu 1923, ndipo anagwira ntchito pa chipatala cha West Middlesex ku Isleworth, kumadzulo kwa London. Pafupi ndi chipatalacho panali nyumba yaikulu ya amphawi, ya mtundu umene Angerezi anamanga kalekale kuti asungiremo anthu osowa pogwira. M'chaka cha 1935 nyumbayo inaperekedwa m'manja mwa chipatala, ndipo mayiyu anangopezeka ali ndi odwala 714, ambiri a iwo okalamba, amene onse anawerengedwa osachiritsika. Ena anagona pa kama zaka zambiri osaponda pansi. Zipinda zinali za mdima, makama othithikana, ndipo wofa ziwalo, wakhungu, wosokonezeka mutu, ndi wamphamvu ndithu amene anangosowa kwawo, onse anagona mosakanizika. Anadyetsedwa ndi kusambitsidwa, koma panalibe amene anawapima.

Chimene mayiyu anachita sichinali chozizwitsa, ndipo n'chifukwa chake ine ndichikonda. Sanatulukire mankhwala atsopano. Anayamba pa kama woyamba, napima wodwala aliyense kuyambira kumutu kufikira kumapazi, monga akanapimira munthu wolemera wa zaka 30, nalemba dzina lenileni la nthenda yake. Atatero anawagawa m'magulu: amene angathe kudzuka, amene ayenera kugona, amene sasunga mkodzo, amene nzeru zawo zasokonezeka. Anapaka utoto wowala m'zipinda, naika nyali zabwino, nachotsa makama aatali amene munthu wofooka sakanatha kutsikapo. Kenaka anayamba kuwadzutsa. Amene anafa mbali imodzi chifukwa cha sitiroko anawaphunzitsanso kuima, kuvala ndi kudya okha. Odulidwa miyendo anawaphunzitsa kuyenda. Ambiri anabwerera kwawo kapena ku nyumba zosungira okalamba ali pa miyendo yawo, ndipo makama a odwala ogonerera aja anatsika kuchoka pa 714 kufika pa 240. Otsalawo anaperekedwa kwa madokotala a chifuwa chachikulu.

Chifukwa chake kudzutsa munthu kunali mankhwala n'chosavuta kumva. Mnofu umene sugwira ntchito umafota, ndipo mwa wokalamba umafota msanga koma kubwerera kwake n'kochedwa. Sabata imodzi kapena ziwiri za pa kama zikwanira kuti munthu amene analowa m'chipatala akuyenda alephere kunyamuka pa mpando. Khungu la kumsana ndi la ku zidendene limatuluka zilonda, magazi amaundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo mapapo amadzala makhololo. Dr. Lionel Cosin, amene poyamba anali wa opaleshoni, anaona zomwezo pa okalamba othyoka fupa la m'chiuno ku Orsett, nayamba kuwachita opaleshoni ndi kuwaimika msanga. Pambuyo pake ku Oxford anatsegula chipatala cha masana okhaokha, kumene okalamba ankabwera m'mawa kudzalandira thandizo, madzulo nabwerera kukagona kwawo.

Tsono tifike pa mabungwe. Mayi Warren analemba za ntchito yake m'magazini a madokotala, mu British Medical Journal mu 1943 ndi mu Lancet mu 1946. Anapempha kuti okalamba odwala azipimidwa m'zipatala zazikulu osati kutayidwa kumbali, kuti pakhale madokotala oyang'anira ntchitoyi, ndi kuti ophunzira udokotala aziphunzitsidwa za iyo. Taonani kuti kuyambira pachiyambi pomwe wophunzira anali m'maganizo mwake. Koma madokotala otchuka a masiku amenewo anaiyesa ntchito yonyozeka, yoyenera anthu amene alephera kwina, ndipo munthu mmodzi akanalankhula mpaka kusasa mawu wopanda womumvera. Mutu umodzi susenza denga. Chotero mu 1947 kagulu kochepa ka madokotala, mwa iwo Mayi Warren, Dr. Trevor Howell, Dr. Cosin ndi Lord Amulree, kanakhazikitsa bungwe lotchedwa Medical Society for the Care of the Elderly. Lord Amulree ndiye anali pulezidenti wake woyamba, ndipo popeza anali dokotala ndiponso membala wa House of Lords, mawu a kaguluko anafika kumene sakanafika mawu a dokotala wa m'nyumba ya amphawi.

Nthawi nayo inawakomera. Mu 1948 boma la Britain linayamba National Health Service, nilitenga zipatala zambiri pamodzi ndi zikwi za odwala ogonerera, ndipo linafunitsitsa anthu odziwa kumasula makama. Mu 1959 dzina la bungwe linasintha kukhala British Geriatrics Society, ndilo dzina lake mpaka lero. Mayi Warren anafa pa ngozi ya galimoto ku France mu 1960, osaona chaka cha 1965 pamene Glasgow inaika William Ferguson Anderson kukhala pulofesa woyamba wa nthambiyi mu Britain. Likulu la bungweli ku London limatchedwa Marjory Warren House, ndipo nthambi yonyozedwa ija lero ndi imodzi mwa zazikulu koposa pakati pa madokotala a m'zipatala za dzikolo.

Ku Amereka mabungwe anayamba msanga kuposa ku Britain, ngakhale ntchito ya m'zipatala inachedwa. American Geriatrics Society inabadwa mu 1942, ndipo Gerontological Society of America mu 1945. Mu 1950 akatswiri a mayiko ambiri anakumana ku Liège, m'dziko la Belgium, nayamba bungwe la dziko lonse limene lero likutchedwa International Association of Gerontology and Geriatrics. Boma la Amereka linakhazikitsa National Institute on Aging mu 1974, ndipo mkulu wake woyamba, Dr. Robert Butler, ndiye anatsegula dipatimenti ya geriatrics pa sukulu ya udokotala ya Mount Sinai ku New York mu 1982. Ndiyenso amene mu 1969 anapeka mawu akuti ageism, kutanthauza kusala munthu chifukwa cha zaka zake, monga ena amasalidwa chifukwa cha khungu.

Kodi bungwe lotere limachita chiyani? Poyamba tisalisokoneze ndi bungwe longa Medical Council of Malawi. Limenelo ndi la lamulo: limalemba madokotala m'kaundula, ndipo wosalembedwa saloledwa kugwira wodwala. Mabungwe amene ndili kunenawa munthu amalowa mwa kufuna kwake. Amachita misonkhano chaka ndi chaka, kumene aliyense amafotokoza zimene wapeza, anzake namufunsa mafunso owawa. Amasindikiza magazini a kafukufuku. Ya ku Britain ndi Age and Ageing, ya ku Amereka ndi Journal of the American Geriatrics Society. Amalankhula ndi boma ndi sukulu za udokotala za zimene wophunzira ayenera kudziwa asanatuluke. Ndipo amalemba malangizo amene dokotala wa kutali, amene sanafikepo pa msonkhano, angatsate. Chitsanzo chabwino ndi mndandanda wa mankhwala amene kawirikawiri savomerezana ndi thupi la wokalamba. Anauyamba ndi Dr. Mark Beers mu 1991, ndipo tsopano American Geriatrics Society ndiyo imaukonzanso pakapita zaka zingapo, monga inachitira mu 2019 ndi mu 2023. M'menemo muli mapiritsi ambiri ogonetsa tulo ndi ena a chimfine amene ife achinyamata timamwa osaganiza kawiri.

Nanga wophunzira apezamo chiyani? Kuti timvetse, tiyambe tadziwa kuti mabungwe amenewa ndi osowa manja. Ku Amereka, dokotala amene watsiriza zaka zitatu za ukatswiri wa matenda a m'kati mwa thupi kapena udokotala wa mabanja angathe kuwonjeza chaka chimodzi cha geriatrics. Koma chaka ndi chaka malo ambiri a maphunzirowa amatsala opanda munthu, makamaka chifukwa malipiro ake ndi ochepa poyerekeza ndi a nthambi zina. Nthambi zimene anthu amalimbirana sizisowa kukopa wophunzira. Iyi imatuluka kukamuchingamira kunjira.

Motero mabungwe onse awiri, la ku Britain ndi la ku Amereka, amalandira ophunzira kukhala mamembala osalipira kanthu. British Geriatrics Society imachititsa mpikisano wa chimangirizo wa ophunzira udokotala, mphotho yake ili ndi dzina la Amulree, ndipo imathandiza ndi ndalama ophunzira ofuna kukaona ntchito ya okalamba kwina kapena kupita ku misonkhano. M'sukulu zambiri za udokotala ku Amereka muli timagulu ta ophunzira okonda nthambiyi, timene timaitana madokotala kudzalankhula ndi kukacheza ndi okalamba m'nyumba zawo. Kwa zaka zambiri National Institute on Aging pamodzi ndi American Federation for Aging Research, bungwe limene linayamba mu 1981, anayendetsa pologalamu yotchedwa MSTAR. Wophunzira amene watsiriza chaka choyamba ankapatsidwa masabata 8 mpaka 12 a tchuthi chachikulu kuti achite kafukufuku wa ukalamba pansi pa katswiri, nalandira kandalama, ndipo pambuyo pake nakafotokoza zimene wapeza pa msonkhano waukulu wa American Geriatrics Society. Tangoganizani mnyamata kapena mtsikana wongomaliza chaka chimodzi ataima pafupi ndi chipepala chake, mapulofesa a imvi ali kumufunsa mafunso!

Ine ndiganiza kuti chachikulu pa zonsezi si ndalama kapena mphotho, koma munthu. Wophunzira amene walowa bungwe amapeza dokotala wamkulu womutsogolera, amene amamuonetsa mmene alankhulira ndi munthu wogontha popanda kumukalipira, mmene amvetsera nkhani yaitali ya agogo nakumbamo chizindikiro chimodzi chofunika, ndi mmene auzira banja zoona pamene kuchira kwalephereka. Zimenezi sizili m'buku la Anatomy. Ndiponso mabungwewa salandira madokotala okha. Anamwino, akatswiri olimbitsa ziwalo ndi a zamankhwala amakhala pa msonkhano womwewo, pakuti palibe dokotala amene angaimike wodwala sitiroko yekha. Amene mwa ife afuna unamwino kapena ntchito ya clinical officer asaganize kuti nkhaniyi yawapitirira.

Komatu tisadzinamize. Mwayi wambiri umene ndatchulawu anaukonzera ophunzira a m'mayiko mwawo, ndipo MSTAR ndi ya ophunzira a m'sukulu za ku Amereka. Ndaufotokoza osati kuti tiyambe kumanga katundu, koma kuti tione mmene nthambi yonyozeka imakulira: imayamba ndi anthu ochepa ogwirizana, ndipo anthuwo amasamala kwambiri za amene ali kubwera m'mbuyo mwawo. Zimene zifika kwa aliyense ndi zolemba zawo, pakuti malangizo ambiri ali pa intaneti, ndipo misonkhano ina munthu angaionere ali kwawo.

Kodi ife zitikhudza? Ambiri amayesa kuti ukalamba ndi vuto la Ulaya, popeza kwathu kuno kulikonse kumene mungayang'ane ndi ana okhaokha. Bungwe la World Health Organization likuti mu 2020 anthu a zaka 60 kapena kuposa anali 1 biliyoni pa dziko lonse, ndipo pofika 2050 adzakhala 2.1 biliyoni, ambiri a iwo m'mayiko osalemera. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'Malawi muno, ndipo pafupifupi 5 mwa 100 alionse anali a zaka 60 kapena kuposa. Pa pepala n'ngochepa, koma ndi anthu osachepera 800,000. Kuwonjeza apo, amene anayamba kumwa ma ARV pamene boma linayamba kuwapereka ulere mu 2004 ali ndi zaka 40, lero apitirira zaka 60, ndipo ali kukumana ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi pamwamba pa kachirombo. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu Age and Ageing mu 2013 anapeza kuti mayiko oposa theka a mu Africa amene anawerengedwa analibe ndi mmodzi yemwe dokotala wa okalamba, ndipo ochuluka koposa sankaphunzitsa nthambiyi kwa ophunzira udokotala.

Njira yake ndi yaitali, ndipo ndi bwino kuidziwiratu. College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo mu 2021 inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Wokhoza bwino MSCE amayamba ndi chaka chokonzekera, kenaka zaka zisanu za udokotala, kenaka nthawi yogwira ntchito moyang'aniridwa m'chipatala chachikulu, kenaka zaka zinayi za ukatswiri wa matenda a m'kati mwa thupi, ndipo pamwamba pa zonsezi ndiye pamabwera geriatrics. Malawi ali m'bungwe la East, Central and Southern Africa College of Physicians, limene linayamba mu 2015 kuti akatswiri otere aziphunzira m'zipatala za kuno komwe. Ku South Africa kuli maphunziro apadera a geriatrics ndi bungwe la South African Geriatrics Society, ndipo pa University of Cape Town pali Albertina and Walter Sisulu Institute of Ageing in Africa. Ku Nigeria, University College Hospital ya ku Ibadan inatsegula chipatala cha okalamba mu 2012. Tikawerengetsa zaka, wa Folomu 4 wa lero adzafika kumeneko atapitirira zaka 30. Odwala ake oyamba adzakhala a msinkhu wa makolo athu, ndiponso, andikhululukire, a msinkhu wa aphunzitsi athu omwewa amene ali kutikalipira lero chifukwa cha masamu.

Ife tilibe nyumba zazikulu za amphawi monga ija ya ku Isleworth, ndipo ena amanyadira kuti timasunga makolo athu pakhomo. N'zoona, ndipo n'zabwino. Koma wodi ya Mayi Warren ilipo kwathu kuno, yangomwazikana. Ili m'kanyumba ka kuseri kumene agogo agona pa mphasa chaka chachitatu chifukwa anagwa tsiku lina ndipo palibe anaganiza kuti fupa linathyoka. Ili pa khonde pamene akhala agogo akhungu ndi ng'ala imene opaleshoni yaifupi ikanachotsa. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma akadwala timawapatsa Panado ndi kuwafunditsa bulangete.

Pali mbali ina yowawa kuposa. Nzeru za wokalamba zimasokonezeka m'njira ziwiri zimene madokotala amazisiyanitsa. Ina imabwera mwadzidzidzi, m'maola kapena m'masiku ochepa, ndipo dzina lake ndi delirium: munthu amene dzulo anali bwinobwino lero ali kubwebweta, kuona zinthu zimene palibe, m'mawa pang'ono bwino, usiku n'kuyambiranso. Zimene zimachititsa ndi chibayo, malungo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa madzi kapena shuga m'thupi, kutsekeka kwa mkodzo, kapena mapiritsi. Mukachiza chifukwacho, nzeru kawirikawiri zimabwerera. Inayo imakwawa pang'onopang'ono kwa miyezi ndi zaka, ndipo dzina lake ndi dementia. Mtundu wake wofala anaufotokoza Alois Alzheimer ku Germany mu 1906. Wodwala amaiwala mayina a ana ake, amasochera pa njira ya ku chitsime, amadzuka pakati pa usiku nayenda, nthawi zina wosavala, napezeka m'bandakucha pakhomo pa eni. Nonse mukudziwa chimene mudzi umanena ukapeza gogo wotere. Akafunsidwa mwaukali ngati anali kutamba, iye amavomera, pakuti samvetsa funso. Lamulo la 1911 linaletsa kutchula munthu mfiti, koma mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi okalamba anaphedwa tsiku limodzi powanamizira ufiti, mphenzi itapha mtsikana. Bungwe la Malawi Network of Older Persons' Organisations lakhala likudandaula za nkhanza zotere, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Dokotala sangaletse mphenzi, ndiponso sangathetse nkhanza zonse. Koma pamene nkhani yayambira pa gogo wosochera usiku, mawu a munthu wa chipatala amene anganene pamaso pa nyakwawa kuti iyi ndi nthenda ya ubongo, dzina lake ndi lakuti, angapulumutse moyo.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti zida za nthambi imeneyi n'zotsika mtengo. Uzani abale abwere ndi mapiritsi onse a m'nyumba m'kathumba kamodzi, muwawerenge. Yesani kuthamanga kwa magazi wodwala atagona, muyesenso ataima. Suzumirani m'makutu, mwina kugontha konseko ndi phula chabe. Muuzeni anyamuke pa mpando, ayende mamita atatu, atembenuke, abwere adzakhalenso. Akapitirira masekondi 12, dziwani kuti ali pa chiopsezo cha kugwa. Ku Edinburgh madokotala anakonza mafunso ochepa otchedwa 4AT opezera delirium m'mphindi ziwiri, ndipo aliyense angawatenge pa intaneti ulere. Amafunsa wodwala zaka zake, tsiku lobadwa, malo amene ali ndi chaka chino, kenaka atchule miyezi ya pa chaka chobwerera m'mbuyo kuyambira Disembala.

Pano pali chovuta chimene mnzanga aliyense wa kumudzi wachiona kale. Agogo ambiri a nzeru zawo zonse sadziwa tsiku limene anabadwa. Amangoti chinali chaka cha njala ya 1949, kapena chaka cha chitaganya. Miyezi amaiwerenga ndi mvula, maungu ndi masika, osati ndi kalendala. Mukawafunsa mafunso a ku Edinburgh monga alili, mudzalemba munthu wamoyo kuti ndi wodwala. Apa ndipo pali ntchito ya wophunzira wa kuno imene wa ku London sangaigwire. Ku Tanzania, m'boma la Hai pafupi ndi phiri la Kilimanjaro, madokotala a komweko pamodzi ndi anzawo a ku Newcastle anakonza mafunso awoawo otchedwa IDEA, oyesera nzeru za anthu amene sanapite ku sukulu, ndipo anayesedwanso ku Ibadan. Wodwala amafunsidwa kuti mlatho n'chiyani, kuti lero ndi lachingati, kuti atchule nyama zonse zimene angakumbukire m'mphindi imodzi, ndi kuti ayale timitengo ta machesi monga wamuonetsera. M'malo mwa tsiku lobadwa amafunsidwa dzina la mkulu wa mudzi wawo. Kwathu kuno tikanafunsa dzina la nyakwawa.